Pabenchi Kapena M'bwalo: Wosewera Wachichepere Ayambe Waonetsa Luso, Kapena Apatsidwe Kaye Mpata?

Pa timu iliyonse ya mpira ya pasukulu pamakhala magulu awiri. Pali anthu 11 amene amalowa m'bwalo, ndiye pali ena amene amavala yunifolomu n'kukhala pabenchi, kapena pansi pa mtengo wa mango ngati benchiyo palibe, kudikira kuti mwina aphunzitsi a zamasewero awakodola. Ena mwa iwo amadikira teremu yonse. Akadandaula amauzidwa kuti, "Uyambe waonetsa kuti umatha, kenako udzasewera." Iwo mumtima amayankha kuti, "Nanga ndionetsa bwanji ndili pabenchi?"

Mkangano umenewu uli paliponse, kuyambira pa mabwalo a fumbi a ku Kaporo ndi ku Nyungwe mpaka pa Karonga Stadium pamene Karonga United imasewerera. Mbali ina imati mpata wosewera ndi malipiro, uyenera kuukhetsera thukuta. Mbali ina imati mwana ndi mwana, aliyense alowe kuti aphunzire. Lero ndikufuna tiufunse funso limeneli sayansi. Tigwiritsa ntchito Biology pang'ono, masamu pang'ono, ndi kafukufuku amene anayambira kutali kwambiri ndi nyanja yathu, kudziko kumene madzi amauma gwa n'kusanduka bwalo.

Zinayambira pa ayezi ku Canada

Ku Canada masewero otchuka kwambiri ndi hockey ya pa ayezi. Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake, n'kumatsetsereka pa madzi oundana akukankha kachimbale kakuda ndi ndodo. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 m'bwalo, ndipo chifukwa masewerowa ndi otopetsa zedi, osewera amasinthana pafupipafupi, nthawi zambiri mphindi imodzi isanakwane. Choncho kumeneko nthawi imene mwana wakhala pa ayezi amaiwerenga mpaka masekondi, ndipo makolo ndi makochi amakangana nayo koopsa.

M'zaka za m'ma 1980, katswiri wa za maganizo a anthu Roger Barnsley ndi mkazi wake Paula anapita kukaonera gemu ya timu ya achinyamata yotchedwa Lethbridge Broncos. Paula akuwerenga pepala la mayina a osewera anaona chinthu chachilendo: ambiri anabadwa mu Januwale, Febuluwale ndi Malichi. Atafufuza m'maligi ena anapeza zomwezo, ndipo mu 1985 iwo pamodzi ndi A. H. Thompson anasindikiza zimene anapeza. M'maligi akuluakulu a achinyamata, pa osewera 100 aliwonse, pafupifupi 40 anali obadwa m'miyezi itatu yoyambirira ya chaka, pamene obadwa mu Okutobala, Novembala ndi Disembala anali pafupifupi 10 okha.

Kodi Januwale ali ndi mankhwala a luso? Ayi ndithu. Chinsinsi chake ndi kalendala. Ku Canada ana amawagawa m'magulu potengera chaka chobadwa, kuyambira pa 1 Januwale. Mwana wobadwa pa 2 Januwale ndi wobadwa pa 30 Disembala chaka chomwecho amasewera m'gulu limodzi, chonsecho wina ndi wamkulu kwa mnzake ndi pafupifupi chaka chathunthu. Akatswiri amazitcha izi relative age effect, kutanthauza phindu limene mwana amapeza chifukwa chongokhala wamkulupo pakati pa anzake a gulu limodzi.

Mwina mukuti miyezi 11 si nkhani. Tiyeni tiwerengere. Mwana wa zaka 12 wakhala ndi moyo miyezi 144. Miyezi 11 pa 144 ndi pafupifupi 8 peresenti ya moyo wake wonse. Munthu wa zaka 25 wakhala miyezi 300, ndipo miyezi 11 yomweyo siikwana n'komwe 4 peresenti, komanso iye anasiya kale kukula. Ndiye kusiyana kumene kwa akuluakulu kulibe ntchito, kwa ana kumaoneka ndi maso: msinkhu, mphamvu, liwiro.

Umboni wakuti vuto ndi kalendala

Wasayansi wabwino sakhutira ndi kuona zinthu ziwiri zikuyendera limodzi. Amafunsa kuti, tikasintha chimodzi, chinacho chisintha? Mwamwayi mpira wamiyendo unatichitira kale kuyesa kumeneku. Kale m'maiko ambiri chaka cha magulu a achinyamata chinkayamba pa 1 Ogasiti, ndipo ku Belgium osewera ambiri osankhidwa anali obadwa mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala. Mu 1997 tsikulo linasunthidwa kupita pa 1 Januwale. Werner Helsen ndi anzake atafufuza anapeza kuti pasanapite nthawi, amene anayamba kuchuluka m'matimu a ana anali obadwa mu Januwale, Febuluwale ndi Malichi. Ana a ku Belgium sanasinthe magazi. Chinasintha ndi tsiku lolembedwa papepala basi.

Apa ndi pamene mawu akuti "ayambe waonetsa luso" amayamba kugwedezeka. Makochi aja sankakondera dala. Ankasankha moona mtima mwana amene akuoneka kuti akutha. Koma chimene maso awo ankachitcha luso, mbali ina chinali msinkhu chabe.

Phunziro la pa nazale ya mpunga

Inu a ku Karonga simufunika kupita ku Canada kuti mumvetse chimene chimachitika pambuyo pake. Pitani pa nazale ya mpunga ku Hara, ku Wovwe kapena ku Lufilya. Mbewu zafesedwa mothithikana, zonse za mtundu umodzi. Mbande ina yamera tsiku limodzi kapena awiri anzake asanamere. Tsamba lake limakhala pamwamba pang'ono, ndiye limalandira dzuwa lochuluka. Dzuwa lochuluka ndiye chakudya chochuluka kudzera mu photosynthesis, chakudya chochuluka ndiye kukula msanga, ndipo ikakula imaphimba anzake ndi mthunzi. Pakatha milungu itatu mukuona mbande yonenepa pakati pa zonyozoloka, n'kumati iyi ndiye mbewu yabwino. Koma kusiyana kwake poyamba kunali kwa tsiku limodzi lokha. Mukazula yonyozolokayo n'kukaiwokera pamalo pake payokha, nthawi zambiri imabereka bwinobwino.

M'sayansi izi zimatchedwa positive feedback: zotsatira zimabwerera kukakulitsa chimene chinaziyambitsa. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Robert Merton mu 1968 anazipatsa dzina lakuti Matthew effect, potengera fanizo la matalente la m'buku la Mateyu, mmene amene ali nazo amawonjezeredwa.

Pa mpira, dzuwa lija ndi mphindi zosewera. Tiyerekeze kuti timu ya sukulu yanu imasewera magemu 10 pachaka, iliyonse ya mphindi 70. Woyamba gemu iliyonse amapeza mphindi 700. Wa pabenchi amene amalowa kwatsala mphindi 10 amapeza 100. Pakatha zaka zitatu, wina ali ndi mphindi 2,100, mnzake 300. Pofika Fomu 4 woyamba uja amathadi mpira kuposa mnzake, ndipo aliyense amati, "Mwaona? Aphunzitsi anasankha bwino." Koma funsani: amasewera chifukwa ankatha, kapena amatha chifukwa ankasewera? Akuluakulu amati m'mera mpoyamba, ndipo sananame. Chimene nazale ikutiphunzitsa n'chakuti poyamba pamenepo nthawi zina timapapanga ndife.

Matupi sakula pa liwiro limodzi

Mwezi wobadwa ndi gawo laling'ono chabe la nkhaniyi. Gawo lalikulu ndi kutha msinkhu. Mukukumbukira mu Biology kuti pituitary gland imatumiza mahomoni amene amadzutsa ziwalo zoberekera, ndipo kwa anyamata testosterone imachuluka. Homoni imeneyi imakulitsa minofu, imalimbitsa mafupa, imakuza mapewa, komanso imawonjezera haemoglobin m'magazi, imene imanyamula oxygen kupita ku minofu. Mwachidule, imapatsa mnyamata injini yatsopano.

Pa nthawi imeneyi pamabwera chaka chimene munthu amatalika mofulumira kwambiri. Kwa atsikana ambiri zimachitika ali ndi zaka pafupifupi 12, kwa anyamata pafupifupi 14, ndipo mnyamata angathe kuwonjezera masentimita 9 kapena 10 m'chaka chimodzi. Koma mawu akuti "pafupifupi" ndi ofunika. Wina zimamuchitikira ali ndi zaka 12, wina 16, ndipo onsewo ali bwinobwino, palibe wodwala. N'chifukwa chake mu Fomu 1 kapena Fomu 2 mumapeza mnyamata wa ndevu ndi mawu a besi atakhala desiki imodzi ndi mnzake wa mawu a kwaya ya Sande Sukulu, chonsecho anabadwa chaka chimodzi. Pa kalendala ndi ofanana, koma matupi awo atalikirana ndi zaka zingapo.

Kuno kwathu pali zina ziwiri zowonjezera. Choyamba ndi chakudya. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira. Kusowa chakudya chokwanira ndi kudwaladwala paubwana kumachedwetsa kukula ndi kutha msinkhu. Ndiye mwana wamng'ono thupi pa timu yanu mwina si kuti alibe luso, thupi lake likungoyenda pa nthawi yakeyake.

Chachiwiri ndi zaka zenizeni. M'kalasi imodzi ya sekondale mumakhala anthu osiyana zaka zitatu kapena zinayi, chifukwa ena anayamba sukulu mochedwa ndipo ena anabwereza. Komanso kulembetsa ana onse akangobadwa kunayamba kukhazikika mu 2015, choncho ambiri amene anabadwa kale alibe chiphaso chobadwira cholembedwa pa nthawi yake. Izi zimatsegula khomo la kunama zaka, vuto limene lavutitsa mpira wa achinyamata m'maiko ambiri. Kuyambira mu 2009 FIFA imagwiritsa ntchito makina a MRI kujambula mkono pa mpikisano wa osakwana zaka 17. Amayang'ana kumapeto kwa fupa la radius, pamene pali kachichereŵechereŵe kamene fupa limakulirapo. Munthu akamaliza kukula malowo amatsekeka. Njirayi imathandiza, ngakhale kuti siiuza tsiku lobadwa, imangoonetsa pamene mafupa afika. Tsono taganizani: mwana wa zaka 14 zenizeni akulimbirana malo ndi munthu wa zaka 18 amene papepala ali ndi 15. Kumuuza kuti "onetsa kuti umatha" n'chilungamo?

Amene anatsala pang'ono kutayika

Mbiri ya mpira ili ndi anthu ambiri amene anaonedwa ngati mbande zonyozoloka. Harry Kane anabadwa pa 28 Julayi 1993. Ku England chaka cha magulu a ana chimayamba pa 1 Seputembala, ndiye iye anali m'gulu la aang'ono kwambiri pa anzake. Arsenal inamusiya ali kamwana, koma lero ndi amene wamwetsa zigoli zambiri m'mbiri ya timu ya dziko la England. Jamie Vardy anachotsedwa ku Sheffield Wednesday ali ndi zaka 16 ati chifukwa chochepa thupi, anakasewera m'maligi ang'onoang'ono akugwira ntchito mufakitale, ndipo mu 2016 anatenga ligi ya England ndi Leicester City. Antoine Griezmann anakanidwa ndi matimu angapo a kwawo ku France chifukwa cha msinkhu, anakakulira ku Real Sociedad ku Spain, n'kudzatenga World Cup ndi France mu 2018.

Pali ngakhale kafukufuku wa 2013 wa Robert Deaner ndi anzake pa ligi ya hockey ya NHL, amene anapeza kuti osewera obadwa kumapeto kwa chaka ankasankhidwa mochedwa kuposa mmene ankayenera, ndipo pambuyo pake ankachita bwino kuposa mmene osankhawo ankaganizira. Chifukwa chimodzi chimene akatswiri amapereka n'chakuti mwana wamng'ono amene wapirira pakati pa zimphona amakakamizika kuphunzira kuganiza msanga ndi kusamala mpira, poti mphamvu alibe.

Koma samalani ndi nkhani zoterezi. Timamva za Vardy chifukwa anapulumuka. Anzake ambirimbiri amene anauzidwa mawu omwewo n'kusiyiratu mpira sitikuwadziwa, chifukwa palibe amalemba nkhani ya munthu amene anasiya. Kuwerenga opulumuka okha n'kuiwala otayika ndi msampha umene asayansi amautcha survivorship bias. Choncho nkhani ya Vardy si umboni wakuti benchi imalimbitsa munthu. Ndi umboni wakuti osankha amaphonya.

Pafupi ndi kwathu kuno, Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, boma loyandikana nalo. Tabitha anakula akusewera ndi anyamata, kenako anapita ku DD Sunshine ku Lilongwe, ku Sweden, ku China, ndipo mu 2023 anali womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya amayi ya ku Italy ali ku Inter Milan. Temwa mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Luso anali nalo, inde. Koma luso limenelo linakulira m'bwalo, pa mpira wachikulunga wa m'mudzi umene sukhala ndi benchi. Ndi atsikana angati a ku Lupembe kapena ku Chilumba amene sanapatsidweko mpata ngakhale wa gemu imodzi?

Mphindi 10 sizokwanira kuweruza munthu

Tsopano masamu. Kochi amati, "Ndinamupatsa mpata, analowa, anataya mipira itatu." Tiyeni tione ngati umenewu ndi umboni.

Tiyerekeze wosewera wabwino ndithu, amene pa mipira 10 iliyonse imene wapatsira, 7 imafika kwa mnzake. Walowa kwatsala mphindi 10 ndipo wapatsira mipira 5 yokha. Mwayi woti ataye itatu kapena kuposerapo ndi wotani? Amene mwaphunzira probability mungawerengere. Mwayi woti ifike iwiri yokha ndi 0.132, woti ufike umodzi ndi 0.028, woti yonse itayike ndi 0.002. Kuphatikiza ndi pafupifupi 0.16, kutanthauza kamodzi pa maulendo 6 aliwonse. Ndiye wosewera wabwino ameneyu, popanda cholakwika chilichonse ndi luso lake, kamodzi pa magemu 6 adzaoneka ngati mbuli. Ngati tsiku limenelo ndi lokhalo limene anapatsidwa, nkhani yake yathera pompo.

Woyamba gemu iliyonse naye amataya mipira itatu motsatizana, koma ali ndi mphindi zina 60 zokonzera, ndipo anthu amaiwala. Lamulo lake ndi lomwe lija la kuponya ndalama m'mwamba: ukaponya kasanu zotsatira zimatha kusocheretsa, ukaponya ka 500 zimayandikira choonadi. Onjezani kuti wolowa mochedwa amalowa thupi lisanatenthe, mtima uli phaphapha podziwa kuti akalakwitsa kamodzi abwerera pabenchi, ndiye muona kuti mayeso amenewa si olungama.

Nanga pa training sangaphunzire?

Angaphunzire zambiri, koma osati zonse. Mu 1993 Anders Ericsson ndi anzake anafufuza oimba violin ku Berlin n'kupeza kuti akatswiri kwambiri anali atathera maola ochuluka akuyeserera mwadongosolo. Apa ndi pamene panachokera nkhani yotchuka ya maola 10,000. Koma mu 2016 Brooke Macnamara ndi anzake ataphatikiza kafukufuku wambiri wa zamasewero anapeza kuti kuyeserera kotereku kumafotokoza pafupifupi 18 peresenti yokha ya kusiyana kwa osewera. Kuyeserera n'kofunika, koma si nkhani yonse.

Mpira ndi masewero a zisankho. Ndipatsire kapena ndithamange nawo? Mdani ali kumbuyo kwanga akubwera mbali iti? Ubongo umaphunzira zimenezi poona zinthu zenizeni, kusankha, kulakwitsa, n'kukonza. Kuzungulira makoni kumaphunzitsa phazi, koma koni siikulanda mpira. Munthu saphunzira kupalasa bwato ataima pamchenga. Gemu yeniyeni, ya oyimbira ndi anthu okuwa kunja, ili ndi phunziro limene silipezeka kwina.

Mbali inayo ilinso ndi mfundo

Tsono musathamangire kwa aphunzitsi ndi nkhaniyi m'manja n'kumati sayansi yalamula kuti aliyense azisewera mofanana. Amene amati mpata uzikhetseredwa thukuta ali ndi mfundo zolimba.

Yoyamba ndi chilimbikitso. Edward Deci ndi Richard Ryan, akatswiri a za maganizo, anaonetsa kuti munthu amalimbikira chinthu akamamva kuti ali ndi ufulu wosankha, kuti akupita patsogolo, ndiponso kuti ndi mmodzi wa gulu. Wa pabenchi wosalowa amataya ziwiri zomalizazo, ndipo ambiri amangosiya. Koma taganizaninso za mtsikana amene amabwera ku netball tsiku lililonse, atatunga kale madzi ndi kutsuka mbale, kenako n'kuona kuti mnzake amene amangotulukira tsiku la gemu wapatsidwa mphindi zofanana. Iyenso amaphunzira kanthu: kuti khama lilibe phindu. Limeneli ndi phunziro loipa.

Yachiwiri, kuponya mwana m'madzi akuya asanakonzeke si chifundo. Kamnyamata ka makilogalamu 40 kukakumana ndi wotchinga kumbuyo wa makilogalamu 70 pa fainolo ya chikho, kakhoza kuvulala thupi ndi mtima womwe.

Yachitatu, pamwamba mpira ndi mpikisano basi. Baka City itasewera mu TNM Super League mu 2024, panalibe timu imene inkaipatsa mapointi chifukwa chakuti ndi yatsopano. Amene akufuna kukafika kumeneko ayenera kuphunzira kulimbirana malo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene mbali imeneyi imaiwala: kusewera mphindi zonse kumapwetekanso chimphona chija. Pa nthawi yotalika msanga mafupa amakula mofulumira ndipo minofu ndi mitsempha imakokeka. Ambiri amamva kupweteka pansi pa bondo, vuto lotchedwa Osgood-Schlatter, ndipo limakula ndi kuthamanga ndi kudumpha kosapumira. Onjezani kutentha kwa Karonga mu Okutobala ndi Novembala. Komanso mnyamata amene amapambana ndi mphamvu zokha saona chifukwa chophunzirira luso. Anzake akadzamupeza msinkhu ali ndi zaka 18, amapezeka alibe chida china.

Ena athana nazo bwanji?

Ku Norway muli malamulo a ufulu wa ana pa masewero, amene anayamba mu 1987. Salola mipikisano ya dziko lonse kwa ana osakwana zaka 13, ndipo cholinga n'chakuti ana ambiri akhalebe m'masewero nthawi yaitali. Dziko la anthu osakwana 6 miliyoni limeneli ndi limene latulutsa Erling Haaland ndi Martin Ødegaard. Ku Belgium bungwe la mpira linakhazikitsa matimu apadera a dziko a achinyamata okula mochedwa, kuti asatayike podikira matupi awo.

Ku England mu 2015 anayesa njira yotchedwa bio-banding, mothandizidwa ndi akatswiri a ku University of Bath. M'malo mogawa ana potengera zaka, amawagawa potengera pamene thupi lafika poyerekeza ndi msinkhu umene adzakhale nawo akadzakula. Zimphona zimakumana ndi zimphona zinzake ndipo zimakakamizika kuganiza. Aang'ono amakumana okhaokha ndipo amapeza mpata wotsogolera.

Ngakhale malamulo a mpira anasintha. Kuyambira mu 2017 bungwe la IFAB, limene limapanga malamulowa, limalola kuti m'mipikisano ya achinyamata wosewera amene watuluka athe kulowanso, ngati bungwe loyendetsa mpira m'dzikolo lavomereza. Njira imeneyi siifuna ndalama ngakhale tambala.

Yesani nokha

Nazi ntchito ziwiri zimene mungachite ndi kope ndi tepi yoyezera.

Yoyamba: lembani zaka ndi mwezi wobadwa wa aliyense wa timu ya sukulu yanu, ya mpira wamiyendo ndi ya netball, ndipo muwayeze msinkhu. Chitani chimodzimodzi ndi anzanu a m'kalasi amene sali mu timu. Pezani avereji ya gulu lililonse. Kenako yerekezani 11 oyamba ndi a pabenchi. Timu imodzi ndi yochepa, paja taona kale vuto la manambala ochepa, ndiye gwirizanani ndi anzanu a sukulu zina monga Chaminade, Maghemo kapena Chilumba kuti muphatikize. Pemphani chilolezo kaye, ndipo musalembe mayina a anthu.

Yachiwiri: yerekezani msinkhu umene mudzakhale nawo. Phatikizani msinkhu wa bambo ndi wa mayi anu m'masentimita. Ngati ndinu mnyamata onjezani 13, ngati ndinu mtsikana chotsani 13, kenako gawani ndi 2. Bambo a masentimita 170 ndi mayi a 159 amapereka 171 kwa mnyamata ndi 158 kwa mtsikana. Yankho likhoza kuphonya ndi masentimita 8 kapena kuposerapo mbali iliyonse, makamaka ngati makolowo anakula movutika ndi chakudya. Komabe likupatsani chithunzi. Gawani msinkhu wanu wa lero ndi yankholo, n'kuchulukitsa ndi 100. Amene ali pa 88 peresenti ndi amene ali pa 98 peresenti sali pamalo amodzi paulendo, ngakhale atabadwa tsiku limodzi.

Tsono yankho n'lotani?

Mmene ndikuonera, funso lakuti "akhetse thukuta kapena apatsidwe" lili ndi mayankho osiyana pa misinkhu yosiyana. Kwa ana a pulayimale, aliyense azisewera, ndipo azisewera malo osiyanasiyana, m'timagulu ta anthu 4 kapena 5 kuti aliyense azikhudza mpira kambiri. Pa msinkhu umenewu palibe munthu, ngakhale kochi wa ku Barcelona, amene angalosere molondola amene adzakhale katswiri.

Mu Fomu 1 ndi Fomu 2, pamene matupi ali pa chipwirikiti, pakhale mlingo wotsimikizika: aliyense amene wabwera ku training mokhulupirika asewereko gawo looneka, mwina theka la gemu, osati mphindi ziwiri zomaliza. Mphindi zotsalazo azilimbirana. Mu Fomu 3 ndi Fomu 4, pa magemu a chikho, asewere amene ali bwino pa tsikulo, koma pakhale timu yachiwiri ndi magemu apaubale kuti khomo lisatsekeke.

Ndipo pa misinkhu yonse, chimene munthu akulipidwa nacho mphindi chikhale chinthu chimene angathe kuchisintha: kubwera, kusunga nthawi, kumvera, kuthamangira mpira wotayika, kulimbikitsa anzake. Palibe amene anakhetsa thukuta kuti abadwe mu Januwale kapena kuti amere ndevu ali Fomu 1.

Ngati inu muli pabenchi, pitani kwa aphunzitsi mwaulemu mukafunse chinthu chimodzi chenicheni chimene muyenera kukonza, ndipo mupemphe kuti akuoneni pa magemu angapo, osati imodzi. Pakadali pano sewerani kulikonse kumene mpira ukugunda, kumudzi, kunyanja, pa bwalo la tchalitchi, chifukwa mphindi zimenezonso ubongo umaziwerenga. Ngati ndinu chimphona cha timu, dzifunseni kuti mudzatsala ndi chiyani anzanuwo akadzakupezani msinkhu, n'kuyamba lero kuphunzitsa phazi lanu lamanzere. Ndipo ngati ndinu kaputeni, kapena mumathandiza aphunzitsi kulemba mayina, tengani kope muzilemba mphindi za aliyense teremu ino. Pakutha pa teremu muwerengetse, muone amene dzuwa lakhala likumuwalira ndi amene wakhala mumthunzi.